Mpeni Wopinda M'thumba la Mmisiri

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Lero nkhani ndi ya kachida kamene kapitawo sakawerengera madzulo akamasonkhanitsa mawilibala, mafosholo ndi malevulo, chifukwa kamagona m'thumba la mwini wake. Ndi mpeni wopinda.

Munthu atakhala pamulu wa njerwa tsiku lonse n'kumangoyang'ana, angadabwe kuti dzanja la mmisiri limalowa kangati m'thumbamo. M'mawa akudula chingwe choongolera mzere wa njerwa. Dzuwa likakwera akucheka pulasitiki wakuda woyala pamaziko kuti chinyontho chisakwere m'khoma. Kalipentala akusongola pensulo, pulambala akupala kukamwa kwa paipi imene wangoidula, wina akumasula zingwe zomangira makatoni a matailosi, winanso ali pamwamba akudula mphira womangira mitengo ya bulugama. Kulikonseko mpeni umatuluka, n'kucheka kamodzi, n'kubwerera m'thumba.

Thumba la simenti lokha ndilo mmisiri wodziwa salikhudza ndi mpeni wake. Amaligwetsa pamchenga, n'kulibaya pakati ndi fosholo, n'kulinyamula mbali zonse ziwiri kuti makilogalamu 50 aja akhuthuke okha. Mnyamata wongoyamba ntchito amaona ngati mkuluyo akuumira mpeni. Koma mkuluyo akudziwa chimene chimapha mipeni pamalo omanga.

Chimenecho ndi dothi. Mchenga wa m'mitsinje wambiri ndi timiyala ta quartz. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala umene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, quartz ali pa 7, pamene chitsulo cha mpeni wamba chimakhala pakati pa 5.5 ndi 6.5. Ndiye kuti kamchenga kamene kamatidwa m'chingwe kamaposa mpeni kulimba. Mpeni umene kunyumba ungasende mbatata mwezi wathunthu usanafune kunoledwa, pamalo omanga umabuntha tsiku limodzi, ngakhale utagulidwa pamtengo wa mbuzi. Ukaphonya n'kukhula pakonkire, basi, kwatha. Ndipo masiku ano simenti yachuluka m'malo omanga kuposa kale, chichokereni 2018 pamene boma la Malawi linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu zamalonda, mabuloko n'kulowa m'malo.

Choncho funso loyamba kwa wogula si lakuti mpeni ukuthwa bwanji m'sitolo. Funso ndi lakuti ukabuntha mawa masana, adzautani.

Mayankho alipo awiri, ndipo amisiri amagawanika pamenepa. Loyamba linachokera ku New Britain m'chigawo cha Connecticut ku America, kumene kampani ya Stanley mu 1936 inatulutsa mpeni wake wa nambala 199 wochekera mabolodi. Nzeru yake inali yakuti chogwirira chikhale chokhalitsa, koma kachitsulo kochekako kakhale kotaya ngati lezala. Pambuyo pake anatulutsa wina, wa nambala 99E, umene lezala lake limabwerera m'kati. Ku Britain mpaka lero mpeni uliwonse wamtunduwu amangoutchula kuti Stanley, monga momwe ena amatchulira mankhwala otsukira mano alionse kuti Colgate. Masiku ano makampani monga Stanley yemweyo, Milwaukee ndi DeWalt amapanga mipeni yotere yopinda pakati, yolowa bwino m'thumba. Lezala lake lili ndi nsonga ziwiri. Mbali imodzi ikabuntha amalitembenuza, inayo ikathanso amaikamo latsopano. Kwa woyala makapeti, woika siling'i ya mabolodi a gypsum amene amangolemba mzere ndi mpeni n'kuthyola, ndi wocheka mapulasitiki pansi pafumbi, palibe mpeni woposa umenewu.

Uli ndi malire ake. Lezala limatuluka pang'ono, masentimita awiri kapena kupitirira pang'ono, ndipo ndi lopyapyala, pafupifupi theka la milimita. Chingwe chokhuthala cha khonje amachita kuchizungulira. Akalipotoza limathyoka, ndipo kachidutswako kamauluka molunjika kumaso. Vuto lomwelo lili ndi mipeni ija yothyola nsonga, ya mamilimita 9 kapena 18, imene Yoshio Okada anaitulukira ku Osaka mu 1956. Ija ndi yabwino kwa opaka penti ndi odula mapepala, koma ikatulutsidwa yonse n'kukanikizidwa pathabwa imathyokera pamizere yake yomwe ija.

Malire aakulu ndi a mtunda. Mmisiri womanga ku Namiwawa kapena ku Area 47 malezala akamuthera amatuma mwana kuhadiweya. Amene wapeza ntchito yomanga buloko ya sukulu kumudzi, makilomita 40 kuchokera pamsewu wa tala, malezala akatha ndiye kuti watsala ndi chigumbu chokha. Kumeneko yankho lachiwiri ndilo limapambana: mpeni wopinda wamba, wa chitsulo chimodzi chimene chimanoledwa pamwala. Amisiri ambiri okhwima amayenda ndi yonse iwiri, wamalezala wa ntchito zauve ndi wonola wa zingwe ndi matabwa.

(Kanyimbo kakafupi)

Tsopano nkhani imene imakhetsa magazi: loko.

Mnyamata wina wophunzira ukalipentala analandira malipiro ake oyamba n'kukagula mpeni pamsika. Unali wonyezimira, wa chigumbu chojambulidwa chinjoka, ndipo ukamatseguka unkalira kuti "kha!" moti anzake onse anaubwereka kuti autsegule. Patapita milungu iwiri anali kuboola kabowo pathabwa ndi nsonga yake, akukankha ndi mphamvu. Kachitsulo kogwira mpeni m'kati kanaterereka, mpeni n'kupindikira pachala cholozera. Chikomekome cha nkhuyu. Kuchipatala anamusoka, koma chalacho sichipindanso bwino, chifukwa mitsempha yoyendetsa zala ili pafupi kwambiri ndi khungu.

Mipeni ina ilibe loko n'komwe. Imagwidwa ndi sipuling'i yapamsana yokha, ndipo ikakanikizidwa kumsana imatseka. Yotchuka mwa imeneyi ndi yofiira ija ya Victorinox, ya kampani imene Karl Elsener anayambitsa ku Ibach m'dziko la Switzerland mu 1884. Ndi mipeni yabwino zedi posongola pensulo ndi kusenda lalanje nthawi yopuma, koma yambiri mwa ing'onoing'onoyo siyenera kubayira kapena kuboolera kanthu.

Loko wakale wodalirika ndi wapamsana. Kachitsulo kokhala ngati mbedza kamagwera m'kampata ka patsinde pa mpeni, ndipo sikachoka mpaka munthu atadina kumapeto kwa chigumbu. Mpeni umene unatchukitsa loko ameneyu ndi Buck 110 wa ku America, wa m'zaka za m'ma 1960, wa chigumbu cha mtengo ndi mkuwa. Ndi wolimba, koma umalemera pafupifupi magalamu 200, ndiye umafuna kachikwama kapalamba, apo ayi umang'amba thumba la ovolosi. Chofooka cha loko wapamsana pamalo omanga n'chakuti kampata kaja kakadzaza mchenga kapena utuchi, mbedza siifika pansi. Mpeni umaoneka wotseguka bwino, koma sunagwire.

Loko wofala kwambiri m'misika lero ndi wa kachitsulo kopyapyala ka m'kati mwa chigumbu, kamene kamatsetserekera kumbuyo kwa tsinde la mpeni ukatseguka. Michael Walker wa ku America ndiye anamukonza bwino cha m'ma 1980. Ubwino wake ndi wakuti amatsekeka ndi dzanja limodzi, ndipo mipeni yambiri yotere ndi yotsegula kumsana, moti fumbi limatuluka ukangouzira. Kuipa kwake ndi kwakuti opanga mipeni yachinyengo amaika kachitsulo kopyapyala ngati chitini cha sadini. Ndi kameneka kanapusitsa mnyamata uja.

Mbale wake wa loko ameneyu ali ndi mbiri yokhudza kuno kummwera kwa Africa. Chris Reeve, mmisiri wa zitsulo wa ku Durban amene anasamukira ku Boise ku America mu 1989, anaganiza kuti m'malo mwa kachitsulo ka m'kati, mbali ya chigumbu chenichenicho ndiyo izigwira mpeni. Dzanja likafinya chigumbu, limalimbitsanso lokoyo. Mpeni wakewo anautcha Sebenza, liwu la Chizulu lotanthauza kugwira ntchito, limene aliyense amene anakhalako ku Joni amalidziwa. Dzina ndi la ntchito, koma mtengo wake ndi madola mazana angapo, ndipo mmisiri wanzeru sangaulowetse m'matope a simenti. Chabwino n'chakuti nzeru ya lokoyo inafalikira ku mipeni yotsika mtengo.

Nanga okapi? Mpeni umenewu unayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, makamaka kuti uzigulitsidwa ku Africa. Mu 1988 dzina ndi makina ake zinagulidwa ndi kampani ya ku South Africa, ndipo unayamba kupangidwa ku Isithebe m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Sipuling'i yake ili kunja, pamsana pa chigumbu, ili ndi kamphete kokoka pofuna kutseka. Ukamatseguka umalira kuti "kerekete" chifukwa cha mano a patsinde pake. Zonse zili poyera, ndiye dothi lilibe pobisala. Chitsulo chake ndi chofewa pang'ono, chonoleka ngakhale pamwala wa kumtsinje. Umafuna manja awiri potseka, umachita dzimbiri ukasiyidwa wonyowa, ndipo mbiri yake m'makomboni a ku South Africa inaipitsidwa ndi zigawenga. Komabe monga chida chotchipa chodulira zingwe kumudzi, okapi weniweni sachititsa manyazi. Opinel wa ku France, amene Joseph Opinel anayamba kupanga mu 1890, nayenso ndi wosavuta chonchi: mu 1955 anamuikira mphete yachitsulo yozungulira imene imatchinga mpeni kuti usatseke. Koma chigumbu chake cha mtengo chimatupa nyengo ya dzinja mpaka mpeni kukana kutuluka.

Mtundu uliwonse wa loko, kuyesa kwake n'kumodzi, ndipo kumachitika wogulitsa akuona, ndalama zikadali m'thumba. Mmisiri amatsegula mpeni mpaka ulire. Amagwira kumsana kwa chitsulo n'kuchigwedeza uku ndi uku, kenako m'mwamba ndi pansi. Kugwedera pang'ono cham'mbali kumatha pomanga sikuluwu yapakati, ngati ilipo. Kugwedera kwa m'mwamba ndi pansi ndi matenda a loko, ndipo mpeni wotero amaubweza pathebulo. Kenako amagwira chigumbu m'mbali mwake ndi nsonga za zala, kuti pasakhale chala panjira ya mpeni, n'kukanikiza msana wake pathabwa. Loko akasuntha, nkhani yathera pomwepo. Wogulitsa akakana kuti uyesedwe, wayankha kale funso.

(Kanyimbo kakafupi)

Pamakwerero munthu amakhala ndi dzanja limodzi lokha logwirira ntchito, linalo lagwira makwererowo. Mpeni wofuna chikhadabo kuti utseguke umakakamiza mmisiri kusiya pogwira, kapena kuutsegula ndi mano, zimene zimachitikadi. Ndi magolovesi ndiye sizitheka n'komwe. Mu 1981 kampani ya Spyderco ya Sal Glesser inatulutsa mpeni wotchedwa Worker, wokhala ndi bowo lozungulira pachitsulo loti chala chachikulu chikankhire, komanso chopanira chokoleka pamlomo wa thumba. Zinthu ziwirizi lero zili pa mipeni yambirimbiri, ina ili ndi kachitsulo kotukuka m'malo mwa bowo. Chopanira chimaoneka ngati chokongoletsa chabe, koma chimachititsa kuti mpeni ukhale pamalo amodzi tsiku lonse, osasakanikirana ndi misomali ndi makobidi pansi pa thumba, ndiponso osagwera pamutu pa wonyamula matope amene ali pansi.

Za kutalika sizifuna mawu ambiri. Chitsulo cha masentimita 7 mpaka 9 chimakwanira ntchito zonse za pamalo omanga. Chotalika kuposa apo ndi cholemetsa thumba ndi kuopseza anthu mu minibasi.

Maonekedwe a nsonga ndiwo ofunika kuganizira. Nsonga yosongoka ngati mkondo imakopa achinyamata, koma imathyoka msanga ndipo imaboola zimene sizinafunike kuboola, monga waya wa m'kati mwa khebulo kapena ntchafu ya mwini wake. Mpeni wowongoka kukamwa, umene msana wake umatsikira kunsonga n'kuisiya yosasongoka, umatsata mzere bwino pabolodi ndipo suvuta kunola. Amagetsi amakonda wokhota ngati mlomo wa kabawi, chifukwa umakola chikopa cha khebulo n'kuching'amba pokoka. Wa mano ngati sowo umadula zingwe za nayiloni ngakhale utabuntha, koma kuunola pamwala wamba sikutheka. Chigumbu chikhale chokhakhala, chodzaza m'dzanja, chokhala ndi pokhazika chala kuti dzanja lisatsetserekere kukamwa kwa mpeni. Chachitsulo chosalala chija, thukuta likasakanikirana ndi fumbi la simenti, chimaterera ngati mlamba. Ndipo chigumbu chofiira kapena chachikasu chimapezeka chikagwera m'zinyalala, pamene chakuda chimapita ndi wilibala.

Pachitsulo cha mpeni pamakhala timalemba. Mawu akuti stainless amatanthauza kuti m'chitsulomo muli chromium wosachepera magawo 10.5 pa 100 alionse, amene amachedwetsa dzimbiri. Sanena kalikonse za kulimba. Opanga odzidalira amalemba dzina lenileni la chitsulo, monga 420HC kapena 8Cr13MoV, zitsulo zotsika mtengo, zosachita dzimbiri msanga ndi zonoleka mosavuta. Pa ntchito yomanga zimenezi n'zokwanira. Chitsulo cha D2 chimasunga kuthwa nthawi yaitali, koma chikabuntha chimatopetsa pamwala wamba, ndipo pamalo omanga chidzabuntha ndithu. Apa ndi pamene wolipira zambiri amapeza zochepa.

Kunola kwake ndi kwa madigiri pafupifupi 20 mbali iliyonse. Poyerekeza, mmisiri amaimika mpeni chilili pamwala, n'kuupendeketsa theka, kenako thekanso la pamenepo. Amaukhuliza modekha mbali imodzi mpaka kumbali inayo kutuluke kaminga komveka ndi chala, n'kutembenuza, n'kumalizira pa lamba wachikopa. Pepala la thumba la simenti lokung'untha bwino ndilo woweruza: mpeni wakuthwa umalicheka mwakachetechete, wobuntha umaling'amba. Chimene sayenera kuchita ndi kuupereka kwa wowotcherera zitsulo kuti augunditse pa galainda. Kukamwa kwa mpeni kukasanduka kobiriwira ndiye kuti kwapsa, chitsulo chafewa, ndipo sichidzasunganso kuthwa mpaka mbali yopsayo itadyedwa yonse.

Mpeni wobuntha ndiwo umavulaza kwambiri, chifukwa umafuna mphamvu, ndipo mphamvuyo ikaphonya imathera m'dzanja lamanzere limene lagwira chinthu. Amisiri okhwima amacheka motalikitsa mpeni ku thupi lawo, ndipo sagoneka thabwa pantchafu. Magolovesi oteteza ku mipeni amene amatsata muyeso wa ku Ulaya wa EN 388 amakhala ndi chilembo kuyambira A mpaka F, ndipo F ndiye wolimba kuposa onse. Mpeni si tchizulo, si sikuludilaiva, ndipo si wotsegulira chitini cha penti. Nsonga zambiri zothyoka zinathyokera pachivindikiro cha penti.

Kwa amagetsi pali mawu apadera. Magetsi a m'nyumba ku Malawi ndi a mavoti 230, ndipo chigumbu cha pulasitiki cha mpeni wamba si chitetezo, popeza m'kati mwake ndi m'masikuluwu muli chitsulo chokhudza dzanja. Zida zoyesedwa kuti zitchinge magetsi zimalembedwa 1000 V pamodzi ndi chizindikiro cha zithunzi ziwiri za makona atatu zolowana. Ngakhale zili choncho, khebulo amaisenda atazimitsa magetsi ndi kuyesa kuti azimadi.

Munthu akadzicheka, bala alitsuke ndi madzi oyera, alifinye ndi nsalu yoyera, ndipo asabwerere kukagwira matope a simenti. Simenti yonyowa imawotcha ngakhale khungu labwinobwino, nanji bala. Chala chikakana kupinda kapena chikachita dzanzi, kapena bala likakhala lakuya ndi lauve, ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo, kumenenso amaona za jekeseni wa kafumbata.

Amisiri athu ambiri ali kunja, ndipo kumeneko mpeni wa m'thumba ungabweretse mlandu. Ku England ndi Wales, lamulo la Criminal Justice Act la 1988 limalola munthu kuyenda ndi mpeni wopinda umene kukamwa kwake sikupitirira mainchesi atatu, amene ndi masentimita 7.6. Koma makhoti anagamula kuti mpeni wokhala ndi loko suwerengedwa m'gulu limeneli. Mmisiri angadziteteze ponena kuti ndi wa kuntchito, ngati akupita kapena kuchokera kuntchitoko, koma Loweruka madzulo kumalo achisangalalo chifukwa chimenecho sichigwira. Ku South Africa, lamulo la Dangerous Weapons Act la 2013 limayang'ana ngati mmene munthu wapezekera ndi chida zikupereka chikayikiro chakuti akufuna kuchigwiritsa ntchito molakwira lamulo. Choncho loko yemweyo amene amateteza chala pamakwerero ndiye amachititsa kuti mpeni, poweruka, uzilowa m'bokosi la zida pamodzi ndi hamala.

Usanalowe m'bokosimo umafuna mphindi ziwiri. Mswachi wakale umachotsa fumbi pamene mpeni umapindikira ndi m'kampata ka loko. Kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera kamakwanira, otsalawo n'kupukuta, chifukwa mafuta ochuluka amaitana mchenga, ndipo mafuta ophikira amauma n'kumata ngati ulimbo. Malezala otha aja satayidwa pansi. Kapitawo wina amasunga chitini chakale cha penti chimene anachiboola kampata pachivindikiro, ndipo lezala lililonse lobuntha limagwera mmenemo mpaka nyumba itatha. Amatero chifukwa amisiri akangoweruka, ana a m'makomo oyandikana amabwera kudzasewera pamulu wa mchenga, ambiri a iwo opanda nsapato.

(Nyimbo yotsekera)